Denga Lathu la ku Pemba

Kuno ku Ngala amandinena kuti ndinabwerako ku Mozambiki ndi khosi louma. Sindikana. Koma onenawo sanagonepo m'chipinda chopanda denga mvula ikukhuthuka, ndiye ndimangowasiya alankhule.

Ndinachoka kuno mwamuna wanga atandisudzula pondipatsa talaka. Mwana wanga Asiyatu anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Nthawi imeneyo ndinkachapa ndi kusita pa kaloji kena kam'mbali mwa nyanja, ndipo pamenepo ndi pomwe Chingerezi changa cha Fomu 2 chinakhwimira, chifukwa alendo ake anali azungu okhaokha. Ndiye ndinamva kuti ku Pemba, kunyanja ya mchere, mahotela akufuna anthu omva Chingerezi poti kwadzaza azungu a ntchito za gasi. Amayi sanandiletse. Anangomunyamula Asiyatu n'kumubereka, ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, n'kundiuza kuti, "Pita, koma mapemphero a swala usasiye."

Za ulendowo ndimakumbukira fumbi. Fumbi la ku Chiponde, la ku Mandimba, kenako sitima yochoka ku Cuamba yodzaza anthu ndi matumba a anyezi. Nditafika ku Pemba ndinathamangira kunyanja kukasamba m'maso monga timachitira kwathu. Madzi aja atandilowa m'kamwa ndinalavula, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti ndafikadi kutali.

Ntchito ndinaipeza pa hotela ina yaikulu, kuchipinda chochapira. Munali kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Makina ankalira tsiku lonse, ndipo mankhwala oyeretsera nsalu ankatisupula zala mpaka kudya ndi dzanja kumawawa. A hotelawo anandikonzera pemiti yogwirira ntchito, ndipo poyamba ndinkagona m'chinyumba chawo cha antchito, azimayi ambirimbiri m'chipinda chimodzi, aliyense chikwama chake kumutu poopa akuba.

M'menemo ndi momwe ndinadziwana ndi Mai Rudo, mzimayi wa ku Zimbabwe, wamkulu kwa ine, wa mpingo wa ovala zoyera. Iwo sanali olembedwa ntchito ngati ine, ankangogwira ganyu yosita alendo akachuluka. Dzina langa linkawavuta, ndiye ankangonditchula kuti Malawi. Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chishona ndi Chichewa, ndipo tikamaseka anzathu a komweko ankatiyang'ana ngati amisala. M'mwezi wa Ramazani iwo, Mkhristu, ankandisungira tiyi ndi chinangwa chokazinga kuti ndifuturu, kumasula kusala kudya kwanga, dzuwa likalowa.

Ndi Mai Rudo amene anapeza malo kwa Dona Amina. Dona Amina anali mayi wokalamba wamasiye, wopanda mwana wamoyo, wokhala yekha pa bwalo lalikulu. Chilankhulo chawo chinali pafupi ndi Chiswahili chomwe agogo anga aamuna ankayankhula ku Nkhotakota, choncho tinkamvana pang'onopang'ono. Kuseli kwa nyumba yawo kunali zipinda ziwiri zomwe malemu amuna awo anazisiya zili makoma okhaokha.

"Folerani nokha mukhalemo," anatero. "Muzindipatsa kangachepe pamwezi. Ine chomwe ndikufuna n'kumva anthu akutsokomola pabwalo pano."

Panalibe cholemba. Mboni yathu inali Mama Zena, mayi woyandikana nawo nyumba amene ankakazinga nsomba pamsewu. Ine ndi Mai Rudo tinadzimana kwa miyezi ingapo, tikutumiza kumudzi zochepa, mpaka tinagula malata ndi mitengo. Tinakankha tokha pa ngolo kuchokera kumsika, anthu akutiseka m'njira. Mmisiri atakhoma lata lomaliza, Mai Rudo anagwada pakati pa chipinda n'kuyimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo, ine ndikuwayankha kuti amina.

Zaka zimene tinakhala pamenepo ndi zomwe ndimaziwerengera kuti ndinakhalako ngati munthu. Dona Amina tinkawatungira madzi, kuwasisita miyendo ikatupa, ndipo atadwala komaliza ndife tinkawatembenuza pamphasa. Atamwalira, ine ndi Mama Zena ndife tinawasambitsa.

Sadaka yawo itangotha kunabwera Momade, mwana wa mchimwene wawo. Nthawi yonse ya matenda sitinamuonepo. Anabwera pa galimoto, n'kuyamba kuyeza bwalo ndi anyamata ake ngati kuti ife ndi nkhuku zongodutsa. Ankafuna kugwetsa zonse kuti amange nyumba zobwereketsa kwa anthu a gasi. Anatiuza kuti mwezi ukamatha tikhale titachoka.

Ndinamuyankha mwaulemu kuti tamva, koma atipatse nthawi yoti tipeze kwina, mvula ithe kaye, komanso tikambirane za denga lathu.

"Denga lanu liti?" anatero akuseka. "Munabwera nalo kuchokera ku Malawi?"

Mwezi unatha tisanapeze malo, chifukwa lendi m'tauni monse inali itakwera. Tsiku lina tikuweruka kuntchito tinapeza zitseko palibe. Tinapachika zitenje. Patapita masiku tinapeza denga lonse lasasulidwa, malata athu atawakweza pa lole n'kupita nawo. Matilesi anali atanyowa, ufa wasanduka phala m'thumba, Baibulo la Mai Rudo litafufuma ngati buledi.

Ndinakhala pansi pakhomo. Sindinalire. Chimene ndinamva m'chifuwa sichinali chisoni, chinali moto.

Tinagula pepala lalikulu la pulasitiki n'kulimangirira pamakona a chipinda chimodzi. Mvula ikabwera madzi ankadzaza pakati pa pepalalo ngati mimba, ndipo tinkasinthana kulitukula ndi mpini wa tsache kuti madziwo atayikire kunja. M'mawa tinkapita kukasita nsalu za anthu ena zoyera mbee, ife tili ndi zovala zonunkha chinyontho.

Panjira yathu ya kuntchito panali nyumba ina ya mpanda woyera, ya chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi. Chinkanena kuti pamenepo pali maloya othandiza alendo olankhula Chingerezi pa milandu ya nyumba ndi malo. Ndinali nditachiwerenga kambirimbiri pawindo la kabasi osaganizapo kanthu. Tsiku limenelo ndinawakodola Mai Rudo n'kuwalozera.

"Iwe Malawi, akunena azungu pamenepo," anatero.

"Alemba kuti azungu?"

"Sanalembe, koma ukudziwa."

"Ine ndine mlendo. Chingerezi ndimalankhula. Nyumba andisasulira. Chatsala n'chiyani?"

Apa m'pamene anandiuza chomwe ankabisa. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atatha mphamvu kalekale. Akangoyandikira ofesi iliyonse, mapeto ake n'kukwezedwa galimoto ya kumalire. Ndinawauza kuti basi, ndipita ndekha, dzina lawo silituluka pakamwa panga.

Ndinapempha tsiku kuntchito, n'kuvala diresi langa la pa Idi lomwe linapulumuka chifukwa linali m'chidebe chotseka. Mlonda wa pageti anandilozera kakhomo ka kuseli, poganiza kuti ndikufuna ntchito yokolopa. Ndinadutsa pakhomo lalikulu. Mtsikana wa pa tebulo lolandirira alendo sanadikire n'komwe kuti ndiyankhule, anangoti m'Chipwitikizi ntchito kulibe. Ndinamuyankha m'Chingerezi kuti sindikufuna ntchito, ndikufuna loya.

Anati loya ndi wotanganidwa. Ndinati ndidikira. Anati kuonana naye n'kodula. Ndinati zimenezo andiuze loyayo. Ndiye ndinakakhala pa mpando wa khushoni, pafupi ndi mzungu wina wa kabudula amene ankalimbana ndi mnzake za mpanda wa nyumba yake ya kugombe. Mzunguyo analowa, anatuluka. Analowa wina, anatuluka. Mtsikana uja ankandiyang'ana pafupipafupi ngati ndikudetsa mpandowo. Nthawi ya swala ya masana ndinangopemphera chamumtima ndili pomwepo, poopa kuti ndikatuluka sandilolanso kulowa.

Chakumadzulo kunatuluka mzimayi wamfupi wa imvi, wa magalasi, chikwama chili m'manja akuweruka. Anafunsa mtsikana uja kuti ine ndine ndani. Ndinaimirira ndisanayankhiridwe.

"Mayi, chikwangwani chanu chija ndachiwerenga. Ngati chili cha azungu okha, mukachikonze. Ngati chili choona, ine ndabwera."

Anaika chikwama pansi n'kunditsegulira chitseko cha ofesi yake. Ameneyo ndiye anali Dotora Lurdes. Kumeneko loya amamutchula kuti dotolo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anandiuza mosapita m'mbali.

"Nyumbayo si yanu, ndipo sindikunamizani kuti idzakhala yanu. Mudzachokamo ndithu. Koma munthu sachotsa mnzake m'nyumba posasula denga, kaya mnzakeyo ndi mlendo kaya ndi mbadwa. Njira yake ndi ya kukhoti, ndipo iye waidumpha. Mapepala anu ali bwino?"

Ndinamuonetsa pasipoti ndi pemiti.

"Mumakhala nokha?"

Ndinangopinda pemiti ija n'kuibweza m'pasipoti. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti, "Chabwino. Wodandaula ndi inu. Koma dziwani kuti munthu amene wasasula denga akhoza kuchitanso zina akaona kuti zamuvuta. Mukufunabe?"

Ndinati ndikufuna. Nditafunsa za malipiro anati ndizipereka monga ndingathere, poti mzungu wa kabudula uja walipira kale magetsi a mwezi umenewo. Aka kanali koyamba kuti ndiseke chisasulireni denga.

Mlandu suthamanga ngati mvula. Dotora Lurdes anabwera yekha kudzaona zipinda zija, nsapato zake zikumira m'matope, n'kujambula zonse. Anamulembera Momade kuti abweze denga, iye anakana. Ndiye nkhani inapita kukhoti. Vuto linali la mboni. Anthu onse a m'deralo anaona zomwe zinachitika, koma Momade anali mwana wa pamenepo, ife obwera. Aliyense ankati sanaone kanthu. Mama Zena abale awo anawaopseza kuti asalowerere nkhani za alendo, ndipo kwa masabata angapo ankandithawa maso ndikamadutsa pa chiwaya chawo.

Sindinawakakamize. Ndinangowauza tsiku lina kuti, "Mama, ine ndi inu tinagwira thupi la Dona Amina limodzi. Mukudziwa chomwe ananena ali moyo. Ndangokukumbutsani."

Tsiku la mlandu ndinawapeza ali kale pakhonde la khoti, atavala chitenje chatsopano koma akununkhirabe mafuta a nsomba.

M'khotimo zonse zinali m'Chipwitikizi. Dotora Lurdes anaumirira kuti pakhale womasulira, kuti ndiyankhule ndekha m'Chingerezi ndi kumva chilichonse chonenedwa za ine. Loya wa Momade anati ndinangolowa pamalopo mwakuba nditaona kuti mayi wokalamba alibe womuteteza. Womasulira atandiuza mawu amenewo ndinaimirira. Ndinapempha kuyankha.

"Bwana woweruza, mumufunse bambo Momadeyu kuti azakhali ake ankagonera mbali iti masiku awo omaliza, ndipo ankamwa phala la chiyani. Akayankha, ine ndituluka lero lomwe."

Woweruza anati funso limenelo si la mlanduwu. Koma Momade anawerama, ndipo aliyense anaona.

Mama Zena anafotokoza za pangano lija monga analimvera, ndi za ngolo ya malata yomwe inadutsa pakhomo pawo. Chigamulo chinatuluka patapita nthawi. Khoti linalamula kuti Momade abweze denga ndi zitseko, andipatse miyezi yokwanira yofunira malo ena, ndiponso linavomereza kuti malatawo ndi anga.

Tsiku lobweza denga ndinatulutsa mpando n'kukhala pakati pa bwalo. Anyamata omwe aja amene anasasula ndi amene anakwera kukakhoma. Dzuwa litakula ndinawapatsa madzi akumwa, poti iwo anangotumidwa. Momade anakhala m'galimoto yake magalasi atatseka.

Chimwemwe chathu sichinakhalitse. Sabata yotsatira a zolowa ndi kutuluka anabwera pageti la hotela, ndipo anafunsa munthu mmodzi yekha, Mai Rudo, powatchula dzina lawo lonse. Sitinafunse kuti anawatuma ndani. Ndinathamangira kwa Dotora Lurdes. Anayesa, koma anandiuza zoona kuti pamenepo lamulo lili mbali ya iwowo. Chomwe anakwanitsa n'choti andilole kukawapatsa Mai Rudo chikwama chawo asanawanyamule.

Ndinawapeza atakhala pa benchi, opanda duku. Ndinayamba kupepesa kuti zonsezi zachitika chifukwa cha liuma langa.

"Khala chete, Malawi," anatero. "Ndagona masiku angapo pansi pa denga langa, lomwe munthu analichotsa n'kulibweza yekha. Kwathu ndikafotokoza zimenezi sakakhulupirira. Koma tamvera. Usatulukemo tsiku lisanakwane. Ukatuluka msanga ndiye kuti ine andigwirira chabe."

Sindinawaonenso, koma timaimbirana mpaka lero.

Momade anatumiza munthu kudzandinyengerera kuti ndichoke msanga andipatse kena kake. Ndinamubweza. Anadula waya wa magetsi, ndinagula nyali. Kuntchito bwana anandiitana n'kundiuza kuti hotela sikonda antchito oyenda m'makhoti, ndipo kontirakiti yanga ikatha sadzaiwonjezera. Ndinati zikomo, n'kubwerera ku ayironi yanga. Ndinakhala ndekha m'zipinda ziwiri zija mpaka tsiku lenileni lomwe khoti linanena.

M'mawa wa tsikulo ndinaitana achibale awiri a Mama Zena, ndipo tinasasula dengalo tokha, lata ndi lata, msomali ndi msomali. Momade atafika ndi anthu ake ogwetsa nyumba anapeza makoma okhaokha monga momwe tinawapezera ife, pansi nditasesa bwinobwino. Malata angapo ndinawasiyira Mama Zena kuti afolere pamalo awo okazingira nsomba. Otsalawo ndinagulitsa, gawo la Mai Rudo n'kuwatumizira ku Zimbabwe. Ndinakatsanzika kwa Dotora Lurdes, ndipo mtsikana wa pa tebulo uja anaimirira pondipatsa moni.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitasuntha. Amayi anali atamwalira ndili konko, mlandu uli pakati, ndipo sindinathe kubwera kumaliro. Asiyatu anali namwali wamtali kundiposa. Anandipatsa moni atagwada, ndi manja awiri, monga amachitira kwa mlendo, ndipo amene ankawatchula kuti amayi anali alamu anga, akazi a achimwene anga a Yusufu. Zimenezo zinandipweteka kuposa za ku Pemba, koma panalibe woti n'kumusumira. Amayi atayamba kudwaladwala, anamulera ndi iwowo.

Achimwene anandilandira bwino, nkhuku anapha. Anati ndizigona kwawo, m'chipinda cha ana. Nditafunsa za nyumba ya amayi anati yatha, mukungosungidwa maukonde. M'mawa mwake ndinapita kukaiona. Inali yakale ndithu, koma yoima. Chimene chinandidabwitsa ndi zikhomo zopaka utoto wofiira zomwe zinazungulira malo onse, kuyambira pa mtengo wa mango mpaka kumchenga.

Achimwene anandipeza ndikutulutsa maukonde.

"Chemwali, mukutani?"

"Ndikusesa. Zikhomozi n'za chiyani?"

Anakanda m'mutu. Anati kuli bwana wina wa ku Lilongwe akufuna kumanga loji, ndipo anagwirizana kale. Anati ankayembekeza kuti ndipumule kaye asanandiuze, ndipo gawo langa likhalapo.

"Malo a amayi mwagulitsa ine mwana wawo wamkazi ndisakudziwa?"

"Inu munali kunja. Amene ankawadwazika ndife."

"Zoona, ndipo Mulungu akulipireni. Koma bwanayo mukamuuze kuti pamalopo pali munthu."

"Munthu uja wapereka kale chikole."

"Mukamubwezere."

Nkhope yawo inasintha. Anati anamva kale mbiri yanga, yoti ndinkakokera anthu kukhoti m'dziko la eni. Anati, "Chemwali, kuno si ku Mozambiki."

"Ndikudziwa, achimwene. Uko ndinali mlendo. Kuno mchombo wanga unakwiriridwa kuseli kwa nyumba iyi."

Tsiku lomwelo ndinazula zikhomo zonse, kuzimanga mtolo, n'kukazitula pakhomo pawo mwaulemu. Nkhaniyo inapita kwa amalume, kenako kwa akuluakulu a banja, ndipo mpaka pano sinathe. Ena ali mbali yanga, ena akuti ndikutsekereza mwayi wa banja lonse. Achimwene timapatsana moni pa Idi basi. Bwana wa ku Lilongwe uja amabwerabe nthawi zina, n'kuimitsa galimoto kumsewu kuyang'ana malowo.

Akayang'ana amaona munda. Mvula yoyamba itagwa ndinalima malo onse mpaka pomwe panali chikhomo chomaliza. Alamu anandilangiza kuti ndidzale chimanga kapena mbatata, zocha msanga, poti sizikudziwika kuti nkhaniyi itha bwanji. Ine ndinadzala chinangwa chowawa cha kondowole, chija chimakhala m'nthaka mpaka chaka chinzake. Ndinachita kusankha dala.